Zionetsero za njinga zamoto zakale m'chisanu cha ku England: yambani mwafunsa za holo

Funso: "Ndimakhala ku Nottingham, ndipo ndili ndi Honda CB400 Four ya 1976 yomwe ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono m'galaja. Anzanga akundikoka kuti tipite nayo ku chionetsero cha mu Januwale ku Newark. Ena akuti zionetsero za m'chisanu n'kutaya ndalama chabe, munthu umangokazizidwa m'makola a ng'ombe. Ndingadziwe bwanji chionetsero chabwino ndisanalipire? Nanga njingayo siikawonongeka?"

Yankho: Achimwene, amene akunena za makola a ng'ombewo sakukokomeza. Zionetsero zikuluzikulu zambiri za njinga zakale ku England zimachitikira pa mabwalo amene anamangidwira zionetsero za ulimi. Newark Showground, Staffordshire County Showground ndi Royal Bath and West Showground onsewa ndi malo oonetserako ng'ombe, nkhosa ndi mathirakitala nyengo yotentha. Nyumba zake n'zazikulu, pansi ndi simenti, denga ndi lamalata, zitseko n'zoti lole ilowe osawerama. Mu Juni zimenezi n'zabwino kwambiri. Mu Januwale, kunja kukuzizira madigiri 2 kapena 3 ndipo dzuwa likulowa cha m'ma 4 koloko madzulo, nyumba yomweyo ndiyo imagamula ngati tsiku lanu likoma kapena ayi, ndiponso ngati njinga yanu ibwerera kunyumba youma kapena ili nyekhwenyekhwe ndi madzi.

Kalendala yake ili motere. Kumayambiriro kwa Januwale kuli Winter Classic ya ku Newark, yomwe kwa inu ili pakhomo, mtunda wa mamailosi 20 okha pa msewu wa A46. Mu Febuluwale kuli Bristol Classic MotorCycle Show, koma dzinalo lisakunamizeni, sichichitikira ku Bristol ayi, chili ku Shepton Mallet m'chigawo cha Somerset, ndipo kuchokera ku Nottingham ndi ulendo wa maola oposa atatu. Mwezi womwewo ku Telford kumakhala chionetsero cha njinga zakale zothamanga m'matope, m'holo yomangidwira misonkhano ndi zionetsero, yotentha bwino, koma njinga za pa tala ngati yanu si zimene anthu amapitira kumeneko. Stafford imachititsa ziwiri, china mu Epulo china mu Okutobala. Cha mu Epulo chimapendekera ku njinga za ku Britain, za Triumph, BSA, Norton, Velocette ndi Vincent. Cha mu Okutobala ndi cha njinga za m'ma 1970 ndi 1980, makamaka za ku Japan, ndipo n'kumene CB400 Four ili kwawo. Motorcycle Live ya ku malo a zionetsero a NEC ku Birmingham mu Novembala musaiwerengere pano, imeneyo ndi ya njinga zatsopano ndi ogulitsa.

Musanagule tikiti, pezani mapu a malowo amene okonza chionetsero amatulutsa. Onani kuti makalabu awaika m'nyumba ziti, amalonda ali kuti, ndipo pakati pa holo ina ndi inzake muyenda panja mtunda wotani. Chionetsero chomwazikana m'nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi chimatanthauza kuti tsiku lonse mukhala mukuvala ndi kuvula jekete, ndipo zitseko zizikhala zotsegula nthawi zonse. Kenako muwaimbire kapena muwalembere, mufunse mosapita m'mbali: holo imene muikamo njinga zoonetsa imatenthetsedwa? Ngati ndi choncho, ndi chiyani? Nanga usiku amazimitsa?

Funso lachitatulo ndi limene anthu ambiri safunsa, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka kuposa wozizira. Tinene kuti m'holo muli madigiri 15, ndipo chifukwa cha anthu masauzande opuma ndi majekete onyowa, chinyezi chafika pa 70 peresenti. Mpweya wotere ukakhudza chinthu chilichonse chozizira kuposa madigiri 9 kapena 10, umasiyapo mame. Njinga imene yagona m'vani kapena m'holo yozimitsidwa moto imakhala pa madigiri 2 kapena 3. Moto ukayatsidwa m'mawa ndipo anthu akayamba kulowa, mpweya umatentha m'mphindi zochepa, koma injini, yomwe ndi chitsulo ndi aluminiyamu wolemera, imatenga maola kuti ifunde. Nthawi yonseyo ikuchita thukuta ngati botolo la chakumwa lotuluka m'filiji. Madzi a pa thanki mumawaona n'kupukuta. Oopsa ndi amene simuwaona: m'kati mwa ekizozi, m'kati mwa thanki pamwamba pa petulo, pansi pa chivundikiro cha mapoyinti (tizitsulo tolamulira nthawi imene pulagi ya injini imatulutsa moto), m'mapulagi a mawaya, ndi pamene sipoko yalowa mu limu. Zotenthetsera za gasi zopanda chumuni, zija zimauzira moto ngati mzinga, zimawonjezera vutoli, chifukwa gasi akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi m'holo momwemo. Kunena zoona, kwa njinga, holo yozizira tsiku lonse ndi yabwino kusiyana ndi imene imatentha masana n'kuzizira usiku. Wovutika ndi mwini wake.

Denga nalo liyang'aneni. Malata opanda chotchinga kunsi amasonkhanitsa mame usiku, kenako m'mawa amadontha m'mizere motsatira mapaso a chitsulo. Mukafika pa malo amene akupatsani, yang'anani pansi. Mukaona mzere wa timadontho touma pa simenti, sunthani njinga ndi phazi limodzi kapena awiri. Malo a pafupi ndi chitseko chachikulu amaoneka ngati amwayi poti aliyense adutsa pomwepo, koma ndi pamene mphepo imalowetsa mvula, ndipo nsapato za anthu zimabweretsa matope osakanikirana ndi mchere wa mumsewu.

Za kuwala sindichulukitsa. Holo yamdima imabisa ntchito yabwino ndi yoipa yomwe, ndipo penti yofiira kapena yabuluu ya Honda imaoneka yofa pansi pa magetsi achikasu. Kwa oonetsa n'zokhumudwitsa chabe, koma kwa ogula n'zoopsa, choncho tochi yaing'ono isachoke m'thumba. Koimika magalimoto nakonso funsani. Mabwalo a zaulimi amaimika magalimoto ambiri pa udzu, ndipo pakagwa mvula sabata yonse, vani yokoka ngolo imatitimira. Oonetsa nthawi zambiri amapatsidwa malo olimba pafupi ndi holo, koma onetsetsani kuti zalembedwa pa chikalata chanu.

Tsopano ubwino wa chionetsero chenichenicho. Nambala ya njinga imene amalengeza pa chithunzi chotsatsira siinena zambiri. Chizindikiro chodalirika ndi makalabu. Pamene pali matebulo a Vintage Motor Cycle Club, yomwe inayamba mu 1946, Vintage Japanese Motorcycle Club, ndi makalabu a eni Norton, BSA, Triumph kapena Velocette, ndiye kuti pali anthu amene anamasula injini zimenezo ndi manja awo. Madala a tsitsi loyera amene akhala pa mpando wopinda ndi fulasiki ya tiyi aja ndiwo chuma cha chionetsero. Mukawafunsa chifukwa chimene tcheni ya m'kati mwa injini ya CB400 Four imalirira ngati mikanda m'chitini, akuuzani kuti kachipangizo kokokera tcheniyo kamauma, akuuzaninso bawuti imene simuyenera kuimanga mwamphamvu chifukwa imathyoka. Chionetsero chimene theka la holo ladzaza ogulitsa magolovesi, zipewa zotchipa ndi zotsukira galimoto, pamene njinga zapanikizidwa pakona, chimenecho ndi msika wovala dzina la chionetsero.

Chachiwiri, onani mmene njinga zaikidwira. Payenera kukhala mpata woti munthu azungulire, agwade, aone mbali zonse ziwiri za injini. Njinga zothinana ngati mbuzi pa lole, zotchingidwa ndi chingwe patali, simuphunzirapo kanthu. Kakhadi kofotokoza kazinena chaka, mtundu, kukula kwa injini, ndi zimene zasinthidwa. Mwini woona mtima amalemba kuti waika magetsi a 12 volt m'malo mwa 6, kapena kuti wachotsa mapoyinti n'kuika zamakono.

Chachitatu ndi oweruza. Pa chionetsero chofooka mphoto imapita kwa njinga yonyezimira kwambiri. Pa chabwino, oweruza amadziwa kuti kunyezimira kopyola ndi cholakwa. Mabawuti amene fakitale inawakuta ndi zinc kapena cadmium, wina n'kuwaika chrome kapena kusintha onse kukhala a stainless, ndiye kuti njingayo yasiya kukhala mmene inatulukira. Triumph ya kumayambiriro kwa m'ma 1960 yokhala ndi kabuleta ya Amal Concentric, yomwe inabwera cha m'ma 1967, m'malo mwa Monobloc, ikhoza kuyenda bwino kwambiri koma si yoyambirira. Ndiponso chionetsero chokhwima chimapereka ulemu kwa njinga yosapentedwanso, ya penti yakale yofwifwa koma yosamalidwa, imene eni ake amangoipukuta ndi kansanza ka oyilo. Ine ndimaona kuti njinga yotere imaphunzitsa zambiri kuposa khumi zopentedwa dzulo, chifukwa pa iyo mumaona mmene fakitale inayendetsera mawaya ndi makebulo, ndi pamene inamata masitika. Jambulani zimenezo, mudzazifuna m'galaja.

Kuliza injini kuzichitikira panja kapena pamalo opita mphepo. Mukaona akuliza njinga za two-stroke, zija zimaotcha oyilo pamodzi ndi petulo, m'holo yotseka zitseko chifukwa cha kuzizira, tulukani, utsi wa injini m'nyumba umapha ndithu.

Gawo limene limabweza ndalama ya tikiti ndi kaunjika wa masipeya, amene kumeneko amati autojumble. M'chisanu kaunjika wapanja amachepa chifukwa ogulitsa ena sabwera, ndipo amene abwera amayamba kulongedza dzuwa likangopendeka. Fikani zipata zikungotsegulidwa. Tengani ndalama m'manja, chifukwa si onse ali ndi makina a khadi, ndipo netiweki imavuta pakadzaza anthu. Tengani chipangizo chakale chimene mukufuna kusintha, kapena muyeso wake ndi chithunzi, kuphatikizapo nambala ya felemu ndi ya injini. Chitsulo chonyowa chimanama, madzi amabisa ming'alu ndipo dzimbiri limaoneka ngati lochepa, choncho pukutani kaye musanayambe kunenerera mtengo. Thanki muunike m'kati ndi tochi, makamaka m'munsi mwa msoko pamene madzi amakhazikika. Ekizozi ya CB400 Four, ija ya mapaipi anayi opindikira mbali imodzi n'kukumana, ndiyo ulemerero wa njingayo ndipo ndi yodula. Imawola kuchokera m'kati, pamene mapaipiwo akumana, choncho igogodeni ndi chala kapena kasipanala, muigwedeze. Mukamva ngati muli mchenga, isiyeni.

Pa mabawuti samalani. M'bokosi limodzi la kaunjika mumasakanikirana mabawuti a mizere yosiyanasiyana: a metric a njinga za ku Japan, a Whitworth ndi BSF, a Cycle a mizere 26 pa inchi a njinga zakale za ku Britain, ndi a UNF a zaka za pambuyo pake. Bawuti yolakwika imalowa kawiri katatu ngati ikugwirizana, kenako imadya mizere ya aluminiyamu. Mukaona wogulitsa zida, gulani sikuludiraiva ya JIS, ya muyeso wa ku Japan. Masikulu a Honda amaoneka ngati a Phillips koma si omwewo, ndipo ndi chifukwa chake mitu yambiri ya masikulu pa njinga za ku Japan imakhala yotafunidwa.

Ku Stafford kumakhalanso okushoni ya kampani ya Bonhams. Kuonerera n'kosangalatsa, koma amene akufuna kugula awerenge kaye ndalama yowonjezera imene wogula amalipira pamwamba pa mtengo wa nyundo, aone chikalata cha boma cholembetsera njinga chotchedwa V5C, ndipo afanizire manambala a pa pepala ndi a pa felemu. Njinga za pa okushoni simuziyendetsa musanagule.

Ndiye mupite nayo njinga yanu kapena ayi? Malangizo anga ndi akuti Januwale uno mupite wamanjamanja, mukaone holo zake, mukacheze ndi a kalabu ya njinga za ku Japan, mulembetse umembala. Kuonetsa kudzera pa kalabu n'kosavuta kusiyana ndi kulembetsa nokha, chifukwa pamakhala anthu oyang'anira njinga yanu mukapita kokadya, ndipo amadziwa kale ngodya imene imadontha. Malo oonetsera amalembetsedwa kudakali milungu kapena miyezi, simungofika pa geti ndi njinga. Komanso chionetsero cha masiku awiri chimafuna kuti njinga ilowe dzulo lake ndi kukhala mpaka chitseke. Funsani a inshuwalansi yanu ngati njinga ili yotetezedwa ikakhala pa ngolo komanso ikagona kunja kwa galaja imene munawauza, chifukwa mapangano ambiri a njinga zakale amatchula kumene iyenera kugona usiku.

Ngati mwatsimikiza mtima kupita nayo, musaiyendetse pamsewu. Lamulo silikuletsani: njinga yopitirira zaka 40 imene sinasinthidwe kwambiri ikhoza kulembetsedwa ngati ya mbiri yakale, osalipira msonkho wa pamsewu komanso osakakamizidwa MOT, kuyezetsa kwa chaka ndi chaka koona ngati njinga ili bwino kuyenda pamsewu. Chokuletsani ndi mchere. Kwathu ku Dedza kapena ku Mzimba mu Juni kumazizira, koma palibe amathira mchere mumsewu. Ku England malole a khonsolo amawaza mchere usiku uliwonse umene akuyembekezera chisanu, ndipo madzi amcherewo amalowa paliponse. Chrome ya Honda ya m'ma 1970 ndi yopyapyala, madigadi imawola kuchokera kunsi, aluminiyamu amatuluka zoyera ngati ufa, ndipo buleki yakutsogolo ya CB400 Four, imene imayenda pa kachitsulo kozungulirapo, imauma n'kuyamba kugwira mbali imodzi. Ngolo yosafunda nayonso siithandiza, chifukwa matayala a galimoto yokoka amaponyera mcherewo pa njinga ulendo wonse. Vani yotseka ndiyo yabwino. Kufunditsa lona pa ngolo yapoyera n'koipa kuposa kusafunditsa, mphepo imaikupiza ndipo imapala penti ngati sandipepala.

Pokweza mukhale awiri, njingayo imalemera makilogalamu oposa 170 ndipo thabwa lonyowa limaterera. Tayala lakutsogolo lilowe m'chogwirira kapena litsamire khoma la vani. Malamba akhale anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Akutsogolo amangidwe pa chitsulo chakumunsi chogwira mafoloko, osati kumapeto kwa mahandulo chifukwa amapindika, ndipo asapane kebulo ya buleki kapena mawaya. Kokani mpaka mafoloko atsike pang'ono, mwina gawo limodzi mwa atatu. Mukawatsitsa mpaka pansi, masilo amayamba kutulutsa oyilo. Njinga iime chilili pa matayala ake, osati pa sitandi yam'mbali. Tsekani kampopi ka petulo. Mukayenda mamailosi asanu imani muone malamba, amakonda kukhwepa poyamba.

Mukafika, musaifunditse msanga. Isiyeni ifanane ndi mpweya wa m'holo, muziipukuta ndi nsalu yofewa youma nthawi ndi nthawi. Usiku ifundeni ndi nsalu ya thonje, ngakhale shiti yakale ya pabedi, osati pulasitiki imene imatsekera chinyezi m'kati. Musananyamuke kunyumba pakani wakisi pa penti ndi chrome, ndipo pa zitsulo zosapentedwa pakani mankhwala oletsa dzimbiri monga ACF-50, pang'ono chabe ndi kansalu. Asakhudze disiki ya buleki, mapadi kapena matayala.

Malamulo a za moto amasiyana malo ndi malo, ndipo amalembedwa pa chikalata cha oonetsa. Kawirikawiri amafuna petulo wochepa m'thanki, batire lochotsedwa waya, ndi kathireyi pansi pa injini kolandira oyilo wodontha. Pa Honda yanu chotsani waya wa negative poyamba, chifukwa ndiye wolumikizidwa ku felemu. Mnzanu wa BSA kapena Triumph yakale achite mosiyana, njinga zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo zinalumikiza positive ku felemu, ndipo kulumikiza tchaja molakwika kumaotcha zamagetsi. Batire la 12 volt lodzaza bwino limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likatsika pansi pa 12.4 litchajeni musanapite, chifukwa kuzizira kumalifooketsa pamene oyilo wolimba akufuna mphamvu yochuluka kuti injini izungulire.

Petulo wochepayo ali ndi vuto lake. Thanki yopanda kanthu ili ndi mpweya wambiri, ndipo mpweya ndiwo umabweretsa mame. Kuyambira Seputembala 2021 petulo wamba ku Britain ndi E10, wokhala ndi ethanol mpaka 10 peresenti. Ethanol amakoka madzi, ndipo akakhuta amapatukana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki ndi m'timbale ta kabuleta. Amadyanso mapaipi akale a labala. Thirani E5, uja amagulitsa ngati super unleaded, ndipo mukabwerera kunyumba dzazani thanki kuti mpweya uchepe. Ngati njinga ikhala mpaka Malichi osayenda, tsekani kampopi, mumasule kasikulu kakunsi kwa kambale kalikonse pa makabuleta anayiwo, petulo atuluke. Majeti a njinga imeneyi ndi ang'ono kwambiri, satenga nthawi kutsekeka.

Inuyo valani nsapato za soli yokhuthala ndi masokosi a ubweya. Simenti imakoka kutentha kudzera kumapazi, ndipo ambiri amene amabwerako akunyoza chionetsero amakhala kuti anapita ndi nsapato za kutchalitchi. Oima pa tebulo tsiku lonse amayala kachidutswa ka kapeti kapena katoni.

Pobwerera, chiyeso chachikulu ndi kuiliza njinga m'galaja mphindi zitatu kuti mumve ngati ili bwino. Musatero. Petulo akapsa amatulutsa madzi, ndipo injini ikapanda kutentha mokwanira, madziwo amatsalira mu ekizozi ndi mu oyilo, mpaka oyiloyo amachita zoyera ngati chambiko pa kandodo koyezera. Muziiliza pokhapokha pamene muiyendetsa mphindi 20 kapena 30. Ngati yakhudzidwa ndi mchere ngakhale pang'ono, itsukeni tsiku lomwelo ndi madzi ozizira, osati otentha chifukwa amafulumizitsa dzimbiri, komanso osati ndi makina opopa mwamphamvu amene amakankhira madzi m'maberingi. Yambani kunsi kwa madigadi ndi kuzungulira buleki yakutsogolo, iumitseni bwinobwino, pakani oyilo pa tcheni, kenako tsegulani chivundikiro cha mapoyinti kudzanja lamanja la injini muone ngati mulibe mame musanaifunditse.